Nyanga ya nsatsi imene sitingamusemere mwana



Sabata ino ndikufuna tilingalire limodzi za kanema wina wakale wa ku America. Ndikudziwa kuti makolo ena akangomva za kanema nkhope imayamba kuchita makwinya, poti makanema ambiri amene ana amaonera sasiya kanthu m'mutu. Koma uyu wandisowetsa mtendere kwa masiku angapo, ndipo chimene chandivuta kwambiri n'chakuti ndinaseka. Ndinaseka ndithu, mpaka ndinadzidzimuka n'kudzifunsa kuti kodi chimene ndikusekachi n'chiyani. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa kusekondale amene, posowa chochita cholingana ndi nzeru zake, anapanga bomba la nyukiliya.

Dzina la kanemayu ndi The Manhattan Project, ndipo anatuluka m'chaka cha 1986, patangopita masabata ochepa chichitikireni ngozi ya ku Chernobyl. Anamukonza ndi Marshall Brickman, munthu amene anatchuka polemba nkhani zoseketsa pamodzi ndi Woody Allen. Dzinalo analibwereka ku ntchito yachinsinsi ya boma la America imene inapanga mabomba oyamba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mnyamata wake ndi Paul Stephens, wa m'tauni ya Ithaca m'chigawo cha New York, ndipo amakhala ndi mayi ake okha. Kusukulu maphunziro samupatsa thukuta, kotero nthawi yake imathera pa kuchita anzake chipongwe ndi mankhwala a m'kalasi ya sayansi. Tsiku lina m'taunimo mubwera katswiri wina, Dr. John Mathewson, amene ayamba kufunsira mayi a Paul, ndipo pofuna kumukopa mwanayo amutengera kuntchito kwake kukamuonetsa makina. Chikwangwani cha pakhomo chikunena kuti ndi kampani ya zachipatala. Koma Paul ali ndi maso. Aona kuti kaudzu kena kamene nthawi zonse kamakhala ndi masamba atatu kakumera ndi masamba asanu kuzungulira nyumbayo, ndipo azindikira kuti m'katimo akuyenga plutonium, chipangizo cha mabomba. Mothandizana ndi bwenzi lake Jenny, alowa usiku, aba botolo limodzi, nasiya m'malo mwake botolo la sopo wotsukira tsitsi. Kenako apanga bomba lake n'kupita nalo ku mpikisano wa sayansi wa ana asukulu mumzinda wa New York, monga mmene wina angapitire ndi kagalimoto kake kamawaya.

Ukamaonera theka loyamba sungaleke kumwetulira. Alonda ndi ogona, akuluakulu ndi odzikuza, ndipo mwana mmodzi akuwapusitsa onse ndi zidole. Kumapeto kokha ndi kumene kuseka kumauma pakhosi, pamene wotchi ya bombalo iyamba yokha kuwerenga nthawi, asilikali atazinga malowo ndi mfuti zimene sizingathandize kanthu. Paul amanena kuti anachita zonsezi pofuna kuulula chinsinsi chimene boma linabisira anthu a m'tauni yake. Ine sindimukhulupirira kwenikweni. Chifukwa chimenecho chinabwera pambuyo, ngati chovala chofundira manyazi. Choyamba chinali chakuti anali wonyong'onyeka, anaona chinthu chovuta chimene akanatha kuchita, ndipo anafuna kuti anthu adziwe kuti iye ndi amene wachichita.

Funso loyamba limene mkhristu ayenera kudzifunsa n'lakuti: kodi nkhani yotere ndi yosekera? Amene angayankhe kuti ayi ali ndi mfundo yolemera, ndipo ife Akatolika tili ndi chifukwa chathuchathu choimvera. Pa 9 August 1945, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, bomba lachiwiri linaphulika pamwamba pa dera la Urakami mumzinda wa Nagasaki, pa mtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa tchalitchi chachikulu cha Akatolika. Akhristu a ku Urakami anali zidzukulu za anthu amene anasunga chikhulupiriro mobisa kwa zaka pafupifupi 250, popanda wansembe, akubatiza okha ana awo m'nyumba. Ufulu utabwera anamanga tchalitchicho ndi manja awo kwa zaka zambiri. M'mawa umenewo ansembe awiri ndi akhristu ena anali m'katimo pokonzekera chaka cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria, ndipo palibe anatulukamo wamoyo. Mwa Akatolika pafupifupi 12,000 a m'deralo, pafupifupi 8,500 anafa. Pofika kumapeto kwa chakacho mzinda wonse unali utataya anthu oposa 70,000, ndipo ku Hiroshima anali pafupifupi 140,000. M'mabwinja a tchalitchicho munapezeka mutu wa chifanizo cha Maria, wopserera, m'maso muli mabowo okhaokha. Munthu amene waona chithunzi cha mutu umenewo n'kudzamva ana akuseka za bomba ali ndi ufulu wokwiya.

Komabe ine ndikuti kuseka kuli ndi malo ake, ndipo sindinapite kutali kukaphunzira zimenezi. Aliyense amene anakhalapo kumanda m'bandakucha pamene adzukulu akukumba akudziwa kuti kumeneko kumamveka nthabwala. Amaseka za khasu, za nthaka youma, za ndiwo zimene zikuchedwa, ngakhale za malemu amene. Palibe amati adzukuluwo sakudziwa imfa. Iwo ndi amene aigwira ndi manja, ndipo kusekako ndi kumene kumawathandiza kuti ayang'ane m'dzenjemo osathawa. Pali kuseka kwa munthu amene sakudziwa chimene chili patsogolo pake, kuja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Palinso kuseka kwa munthu amene waona chinthu choopsa kwambiri kotero kuti mawu aulemu sakukwanira kuchinena. Kanema woseketsa wonena za imfa timuyese ndi muyeso umenewu: kodi kuseka kwake kukutitsegula maso kapena kukutigoneka tulo?

Amene anayamba kuzindikira bwino zimenezi anali Stanley Kubrick. Iye anafuna kupanga kanema wachisoni wonena za nkhondo ya nyukiliya yoyamba mwangozi, kuchokera m'buku limene linalibe nthabwala ngakhale imodzi. Koma pamene ankalemba anaona kuti chilichonse chimene akufuna kusiya poopa kuti anthu aseka ndi chimene chinali choona kwambiri. Mapeto ake anatulutsa Dr. Strangelove mu 1964, momwe mkulu wa asilikali wosokonekera mutu atumiza ndege za mabomba chifukwa akukhulupirira kuti adani akumuthirira mankhwala m'madzi akumwa, ndipo atsogoleri a dziko akangana ngati ana pamene nthawi ikutha. Chaka chomwecho kunatuluka kanema wina, Fail Safe, wa nkhani yofanana koma wosaseketsa. Ndi kanema wabwino, koma amene anakhazikika m'mitima ya anthu ndi woseketsa uja. Akuluakulu athu anati wamisala anaona nkhondo. Nthawi zina amene wavala zisanza za chitsiru ndi yekhayo amene amaloledwa kunena pabwalo kuti mfumu yalakwa.

Ndipo mbiri yeniyeni ya zida zimenezi, mukaiwerenga, imafanana kwambiri ndi nthabwala kusiyana ndi mmene tingafunire. Mu September 1980, pafupi ndi tauni ya Damascus m'chigawo cha Arkansas, msilikali wa zaka 21 ankakonza mzinga wotchedwa Titan II m'dzenje lake pansi pa nthaka. Chitsulo chomangira mabawuti chinamupulumuka m'manja, chinagwa, n'kuboola thanki ya mafuta. Patapita maola angapo dzenje lonse linaphulika. Munthu mmodzi anafa, ena oposa 20 anavulala, ndipo mutu wa mzingawo, umene mphamvu yake inali yoposa ya bomba la ku Hiroshima kambirimbiri, unaponyedwa kunja n'kukagwera m'ngalande osaphulika. Mu August 2007 ndege ya nkhondo inanyamuka ku Minot kupita ku Barksdale itanyamula mizinga isanu ndi umodzi yokhala ndi mitu ya nyukiliya, oyendetsa ake osadziwa, ndipo panapita maola pafupifupi 36 munthu asanazindikire kuti m'nkhokwe mwasowa kanthu. Pa 13 January 2018 anthu a ku Hawaii analandira uthenga pa mafoni awo wakuti mzinga ukubwera ndipo si zoyeserera ayi. Makolo anatsanzikana ndi ana awo. Uthenga wotsutsa unafika patatha mphindi 38. Wolemba sewero akanalemba zinthu zitatuzi, anzake akanamuuza kuti wawonjeza mchere.

Koma nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya mu 2014, pa malo a asilikali a Malmstrom m'chigawo cha Montana. Kumeneko kuli anyamata ndi atsikana, ambiri a zaka za m'ma 20, amene ntchito yawo ndi kukhala awiriawiri m'kachipinda pansi pa nthaka kwa maola 24, kudikira lamulo loponya mizinga. Lamulolo silinabwerepo, ndipo tonse tikupemphera kuti lisadzabwere. Ndiye kuti ntchito yawo yonse ndi kudikira chinthu chimene sichiyenera kuchitika. Chaka chimenecho kunadziwika kuti ambiri mwa iwo ankatumizirana mayankho a mayeso a mwezi ndi mwezi pa foni, ndipo okhudzidwa anakwana pafupifupi 90. Akuluakulu asanu ndi anayi anachotsedwa pa maudindo. Taonani tsono: achinyamata onyong'onyeka okhala ndi bomba si nthano ya m'kanema chabe. Analipo, ali ndi yunifomu ndi makiyi, ndipo amene anawaika m'kachipindamo ndi akuluakulu ovala masuti. Kanema uja amatiseketsa ndi mwana kuti tisachite manyazi kuona makolo.

Sindikunena kuti mwana wa fomu 4 angapange bomba kuseri kwa nyumba. Pamenepo kanemayu ananamiza anthu. Chovuta pa bomba ndi kupeza ndi kuyenga chipangizo chake, ndipo ntchito yeniyeni ya Manhattan inalemba anthu pafupifupi 130,000 pa nthawi imodzi n'kudya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni a nthawi imeneyo. Koma bodza la m'sewero likhoza kuloza choona. Mu 1983 kunatuluka kanema wina wa mtundu womwewu, WarGames, wa mnyamata amene pofunafuna masewera a pa kompyuta analowa mwangozi m'makina a asilikali n'kutsala pang'ono kuyambitsa nkhondo. Pulezidenti Ronald Reagan atamuonera anafunsa mkulu wa asilikali ake, John Vessey, ngati zoterezi zingachitike. Mkuluyo anakafufuza n'kubwera ndi yankho lakuti zinthu zinali zoipa kuposa mmene pulezidentiyo ankaganizira, ndipo mu 1984 Reagan anasaina lamulo lokhwimitsa chitetezo cha makompyuta a boma. Funso limene akatswiri sanathe kulifikitsa pa tebulo la mtsogoleri linafika kudzera mwa mwana wa m'kanema.

Tsopano ndifike pa mwambi umene ndautenga kukhala mutu wa nkhani ino. Timati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Muli nzeru zambiri m'mawu amenewa. Kholo limadziwa kuti pali zinthu zimene mwana sangamve ndi makutu, ayenera kuzimva ndi khungu. Umulola alakwe, chinthu chimufotere m'manja, alire, ndipo mawa adzakhala wochenjera. Kaleredwe kathu konse, ndinganenenso kuti ngakhale sakramenti la kulapa, kamadalira mawu amodzi akuti mawa. Munthu amagwa, nadzuka, nayambiranso. Bomba la nyukiliya ndi nyanga imene simufotera mwini wake yekha. Imafotera mudzi wonse, ndi midzi ya kutsidya imene sinamve n'komwe kuti mwana analira. Pa chinthu chimenechi palibe kuphunzira polakwitsa, pakuti ophunzira ndi mphunzitsi amathera limodzi. Ndipo anthu tonse, akulu ndi ana, mapulezidenti ndi okonza mabawuti, timaphunzira polakwitsa basi. Ndiye chinthu chimene chimafuna munthu wosalakwa tachiika m'manja mwa ndani?

Apa ndi pamene ndimaona kuti chiphunzitso cha Mpingo ndi chanzeru kuposa mmene ena amachiyesera. Papa Yohane XXIII analemba kalata yake Pacem in Terris mu 1963, miyezi yochepa dziko litapulumuka pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba wa mu October 1962, ndipo anapempha kuti zida zimenezi ziletsedwe. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican mu 1965 unatsutsa poyera nkhondo iliyonse yofafaniza mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake, kuti ndi mlandu pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Pa nkhani yongosunga zidazo pofuna kuopseza mdani, Mpingo unayenda pang'onopang'ono. Mu 1982 Papa Yohane Paulo II ananena kuti kusungako kungaloledwe ngati sitepe chabe ya pa ulendo wopita kukazithetsa. Zaka zinapita, ulendowo sunafike, ndipo sitepeyo inasanduka nyumba yogonamo. N'chifukwa chake Papa Fransisko, mu 2017 ku Roma ndiponso ali ku Hiroshima mu November 2019, ananena mosabisa kuti ngakhale kungokhala nazo n'kulakwa.

Ndikudziwa yankho la amene sagwirizana nazo, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Iwo amati kuyambira 1945 maiko akuluakulu sanamenyane maso ndi maso, ndipo chimene chawaletsa ndi mantha a bomba. Amatikumbutsanso za Ukraine, dziko limene mu 1994 linavomera kupereka zida za nyukiliya zimene linatsala nazo Soviet Union itagwa, litalonjezedwa kuti malire ake adzalemekezedwa, koma linalandidwa Crimea mu 2014 n'kuthiridwa nkhondo yaikulu mu 2022. Mtsogoleri aliyense amene anaona zimenezo anatolapo phunziro lowawa, ndipo amene amalalikira mtendere ayenera kuvomera kuti phunzirolo lilipo. Koma mfundo ya kuopsezana imaima pa mwendo umodzi: kuti onse ogwira makiyi adzakhala oganiza bwino, odziwa zoona, ndi ogalamuka, tsiku lililonse, mpaka kalekale. Usiku wa pa 26 September 1983, makina a Soviet Union anaonetsa kuti America yaponya mizinga isanu. Msilikali amene anali pa ntchito, Stanislav Petrov, anaganiza kuti dziko lofuna kuyamba nkhondo yotere silingaponye isanu yokha, ndipo anauza akuluakulu ake kuti makina alakwitsa. Zinalidi choncho. Kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo. Tili moyo, inde. Koma munthu amene wawoloka mtsinje wa ng'ona kasanu osagwidwa sanatsimikize kuti mulibe ng'ona. Pofika mu 2025 pa dziko lapansi panali mitu ya nyukiliya pafupifupi 12,000, m'manja mwa maiko asanu ndi anayi.

Wina anganene kuti izi ndi za azungu, ife tili ndi mavuto athu a feteleza ndi sukulu fizi. N'zoona kuti tili nawo. Koma mwala wa bomba sunachokere kumwamba. Uranium wambiri amene anagwiritsidwa ntchito popanga mabomba oyamba anakumbidwa ku Shinkolobwe m'chigawo cha Katanga ku Congo, ndi manja a anthu akuda amene sanauzidwe chimene akukumbira. Kuno kwathu mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kutulutsa uranium mu 2009, wogulitsa kwa opanga magetsi, kotero mwalawu si mlendo m'nthaka yathu. Dziko lokhalo limene linapanga lokha mabomba n'kuwaphwasula lokha lili mu Africa muno: South Africa inali ndi mabomba asanu ndi limodzi, ndipo F. W. de Klerk anaulula mu 1993 kuti anawathetsa, ngakhale ena amati boma la tsankho linkaopa kuwasiyira anthu akuda. Pangano la Pelindaba la mu 1996 linalengeza kuti Africa ikhale yopanda zida zimenezi. Pangano la United Nations loziletseratu, limene Vatican inalivomereza tsiku loyamba mu 2017, Malawi inalivomereza mu 2022. Maiko okhala ndi mabomba sanalowemo ndi limodzi lomwe, ndipo ndikuvomera kuti zikufanana ndi mbewa zikugwirizana zomanga mphaka belu. Komabe ndi bwino kuti dzina la dziko lathu lili pa pepala limenelo.

Ndibwerere kwa mnyamata uja, pakuti ndi iye amene akufanana nafe. Ife sitidzagwira plutonium, koma kunyong'onyeka timakudziwa. Amene analemba mayeso a MSCE n'kukhala miyezi akudikira zotsatira, kapena amene ali ndi satifiketi m'chikwama koma kopita nayo kulibe, akudziwa mmene masana amatalikira. Pali kusowa chochita kumene munthu sanakusankhe, ndipo kumeneko si tchimo, ndi mtanda. Koma amonke akale a m'chipululu cha Egypt ankadziwanso matenda ena a mumtima amene amamera pa nthaka yomweyo. Evagrius, amene anakhala m'zaka za m'ma 300, anawatchula chiwanda cha masana. Anafotokoza mmonke amene amangosuzumira pazenera, akuona ngati dzuwa laima, malo ake akumunyansa, ntchito ya manja ake ikuoneka yopanda pake, ndipo akulota kuti moyo weniweni uli kwina. Munthu wotere sikuti ndi waulesi wongogona ayi. Kawirikawiri amakhala wotakataka, wofuna chinthu chilichonse chimene chingagwedeze tsiku, kaya chabwino kaya choipa. Kumbukirani kuti tchimo lalikulu la mfumu Davide linayamba madzulo ena pamene ankangoyendayenda pamwamba pa nyumba yake, anzake atapita kunkhondo. Paul Stephens ndi wa mtundu umenewu. Sada munthu aliyense. Akungofuna kuti chinachake chichitike, ndipo m'mutu mwake wanzeruwo anthu a m'tauni yake asanduka oonerera.

Pamenepa ndi pamene ndikusiyana naye Brickman. Kanema wake amamukonda kwambiri mnyamatayo. Bomba lizimitsidwa nthawi itatsala pang'ono, zitseko zitseguka, chinsinsi chiululika, ndipo Paul atuluka ngati ngwazi ali ndi bwenzi lake pambali. Wachinyamata woonera amachoka ndi maganizo akuti nzeru zimakhululukira zonse, kuti ukakhala wochenjera mokwanira ukhoza kuika miyoyo ya anthu pa juga n'kuomberedwa m'manja. Kubrick sanatichitire chifundo chotere. Kwa iye mabomba anaphulika, ndipo n'chifukwa chake kuseka kwake kumaluma mpaka lero. Kwa Brickman kuseka kumatsegula maso theka loyamba, kenako kumatisisita kuti tigone. Ndikanakonda kuti achinyamata athu amuonere kanemayu, inde, koma akatha ayang'anenso chithunzi cha mutu wa Maria wa ku Urakami, kuti aone chimene wotchi ija inkawerengera.

Ndipo pali mnyamata weniweni amene nkhani yake siinathe ngati ya m'kanema. David Hahn anali wa ku Michigan, mwana wa makolo osiyana ukwati, ndipo ankasinthanasinthana nyumba ya bambo ndi ya mayi. Anali m'gulu la ma Scout ndipo ankakonda sayansi kuposa china chilichonse. Ali ndi zaka 17, mu 1994, ankayesa kupanga kachipangizo kotulutsa mphamvu ya nyukiliya m'kashedi kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Silinali bomba, ndipo sanafike pamene ankafuna, koma anatolera tizidutswa toopsa kuchokera m'katundu wamba wa m'nyumba mpaka makina ake oyezera anayamba kulira ali nyumba zingapo kutali ndi kashediko. Ankalembera makalata akatswiri akudzitchula kuti ndi mphunzitsi, ndipo ena ankamuyankha mwaulemu. Akuluakulu a pakhomo ankamuona akulowa m'kashedimo atavala chophimba kumaso, ankaona khungu lake litapsa, koma ankangoti mwanayo ndi wokonda zoyesayesa. Palibe anakhala naye pansi kumufunsa kuti kodi ukupanga chiyani, tandionetsa. Palibenso mphunzitsi amene anatenga njala yakeyo n'kuipatsa chakudya choyenera. Zinadziwika mwangozi mu August 1994, apolisi atamuimitsa pa nkhani ina n'kutsegula kumbuyo kwa galimoto yake.

Hahn sanakhale katswiri wa sayansi. Analowa usilikali wa pamadzi, anavutika ndi matenda a maganizo, ndipo anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 39. Mu June 1995 akuluakulu a boma oona za chilengedwe anabwera atavala zovala zophimba thupi lonse, anaphwasula kashedi kaja, anakalonga m'migolo n'kukakakwirira m'chipululu ku Utah, pamalo otayira zinyalala za nyukiliya. Anthu oyandikana nawo nyumba ankangoonerera pa mpanda. Chimene akuluakuluwo sanadziwe n'chakuti mayi ake a David, poopa kuti boma liwalanda nyumba, anali atasesa kale zambiri mwa zinthu zoopsazo n'kuzitaya m'bini ya zinyalala za tsiku ndi tsiku.